Beetle ya 1967 kapena ya 1968? Masipeya onse akukana kulowa

Mlendo118
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikudzutsa VW Beetle yomwe mapepala ake akuti ndi ya 1967. Ndinaitanitsa masipeya a chaka chomwecho: madigadi awiri akutsogolo, ma shoe a mabuleki akumbuyo ndi kilatchi yonse. Palibe chomwe chalowa. Madigadi abwera a magetsi opendekeka pomwe pagalimotopo pali magetsi oima chilili, komanso alibe kabowo kodutsira chitsulo cha bampala. Ma shoe ndi a 30 mm m'lifupi, akale aja ndi a 40 mm. Pressure plate yatsopano ili ndi mphete pakati, yakale ilibe. Wogulitsa akuti anatumiza zolondola. Wanama ndani, iye kapena mapepala?

Sipanala36
Mapepalawo asiyeni kaye. Nyamulani mpando wakumbuyo, pukutani pamsana pa chasisi, mutiwerengere nambala yomwe inadindidwa pamenepo. Ina ili pakambale kachitsulo kuseri kwa tayala la sipeya. Ziwirizo ziyenera kufanana, zikasiyana ndiye kuti thupi linakwezedwa pa chasisi ya galimoto ina.

Mlendo118
Zikufanana. Zikuyamba ndi 118, manambala onse alipo 9.

Sipanala36
Ndiye wogulitsayo musamukwiyire achimwene, galimoto yanu ndi modelo ya 1968. Ku Volkswagen chaka cha modelo chinkayamba mu Ogasiti, osati mu Januwale. Galimoto yotuluka mufakitale mu Seputembala kapena Novembala 1967 inkalembetsedwa kuti ndi ya 1967, koma thupi ndi zitsulo zake zonse ndi za 1968. Kuyambira modelo ya 1965 nambala ya chasisi imadzinenera yokha: manambala awiri oyamba ndi mtundu wa galimoto, 11 pa Beetle ya denga lachitsulo, 15 pa ya denga lopinda yomwe inkamangidwa ndi Karmann ku Osnabrück. Lachitatu ndi chaka. Choncho 117 ndi 1967, 118 ndi 1968. Kuyambira 1970 manambalawo anakhala 10, ndipo apa ambiri amapunthwa: 115 ya manambala 9 ndi 1965, koma 115 ya manambala 10 ndi 1975.

Tsoka lake mwagwera pamalire ovuta kuposa onse, chifukwa mu Ogasiti 1967 anasintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Mabampala anakhala okhuthala aja otchedwa Europa, ndipo zitsulo zake zimadutsa m'madigadi, n'chifukwa chake mukusowa kabowo. Boneti ndi chivindikiro cha injini zinafupikitsidwa. Pothirira petulo panatuluka kunja, kudzanja lamanja, pomwe kale unkayamba watsegula boneti. Geji ya petulo inasiya kuyendera kachingwe, inakhala yamagetsi m'kati mwa speedometer. Pa 1300 ndi 1500 magetsi anachoka pa 6V kupita pa 12V, malimu anakhala a mabauti anayi (1500 ya ma disc inali nawo kale), ma shoe akumbuyo anakula kufika 40 mm, ndipo master cylinder inakhala ya njira ziwiri.

Oval_56
Madala, 118 si Beetle ya chiwongolero chakumanja yokhala ndi sunroof? Ndi momwe mabuku a masipeya amalembera.

Sipanala36
Zonse ndi zoona, koma ndi manambala awiri osiyana. Pa mndandanda wa mamodelo, 113 ndi Export ya chiwongolero chakumanzere, 114 yakumanja, 117 ndi 118 ndi zomwezo zokhala ndi sunroof. Imeneyo si nambala ya chasisi. Yodindidwa pansi pa mpando ikayamba ndi 118, chaka ndi 1968, kaya denga lili ndi bowo kaya lilibe.

Oval_56
Chabwino, ndamva.

MayiWaGaraja
Nkhani ya madigadi ndi ma shoe yatha, koma ya kilatchi sinathe. Mphete ija pa pressure plate inakhalapo mpaka modelo ya 1970. Galimoto ya 1968 yomwe sinasinthidwe kanthu imafuna ya mphete, yomwe mwalandirayo. Ngati yakale ilibe mphete, giyabokosi yanu si ya 1968. Suzumirani m'kati mwa bell housing, chibade cha giyabokosi momwe mumakhala kilatchi. Kuyambira 1971 pali kachubu kachitsulo kozungulira input shaft, komangidwa ndi manati atatu, ndipo release bearing imatsetsereka pa kachubuko. Giyabokosi yotere imafuna pressure plate yopanda mphete. Yakale yopanda kachubu imafuna ya mphete, chifukwa bering'i yake imayenda mokhota ndipo imasowa malo osalala oti igunde. Mukasakaniza, mphete imagundana ndi kachubu ndipo kilatchi simasula, kapena bering'i yakale imadya zala za plate mpaka kuthyoka. Pressure plate imatsatira giyabokosi, osati injini kapena thupi.

Mlendo118
Mayi mwalasa. Kachubuko kalipo. Ndaonanso nambala ya injini pansi pa mwendo wa jenereta, ikuyamba ndi AD. Koma kumbuyo kulibe ma CV joint, ndi swing axle, ya ma axle opinda pa giyabokosi pokha.

MayiWaGaraja
Palibe chodabwitsa. Anthu amaganiza kuti giyabokosi iliyonse ya pambuyo pa 1969 ndi IRS, ya ma CV joint ija, chifukwa mabuku ambiri analembedwera msika wa ku America. Kumeneko IRS inalowa pa Beetle zonse mu 1969. Ku Europe 1200 ndi 1300 wamba zinapitiriza ndi swing axle, IRS inali pa za semi-automatic ndi pa mamodelo a 1302 ndi 1303. Ndiye swing axle ya kachubu ilipo ndithu. Muli ndi thupi la 1968, injini ya 1600 ya kuyambira 1971, ndi giyabokosi ya zaka zomwezo. Pogula masipeya muziiona ngati galimoto zitatu.

Dzimbiri_Mdani
Injini ya AD m'thupi la 1968? Chotsani, funani H. Kudzutsa galimoto n'kuibwezera momwe inatulukira mufakitale.

Doghouse
Ndani wakuuzani kuti inatuluka ndi H? Ikhoza kukhala kuti inali 1300, ndiye chilembo chake ndi F. H ndi 1500, D ndi 1200, B ndi 1600 ya single port, ya bowo limodzi lolowetsa mpweya pa head iliyonse. AB ndi 1300 ya dual port, ya mabowo awiri, AD ndi 1600 ya dual port. Wofuna kudziwa injini yeniyeni atha kuitanitsa satifiketi ku Volkswagen, ngati galimoto inamangidwa ku Germany.

Koma ine sindingachotse AD. Injini za 1970 kubwerera m'mbuyo zili ndi oil cooler m'kati mwa fan shroud, kutsogolo kwenikweni kwa mpweya wopita ku silinda nambala 3. Silinda imeneyo imalandira mpweya wotentha kale, ndipo exhaust valve yake ndi yomwe imayamba kuduka. Fakitale inkadziwa, n'chifukwa chake ma distributor a nthawi imeneyo amachedwetsa moto wa nambala 3 ndi madigiri pafupifupi atatu. Mu 1971 cooler inatulutsidwa kuseri kwa shroud, m'kanyumba kakekake, fan inakula, ndipo mpweya wotentha umatayidwa kunja. Yang'anani zinthu ziwiri zokha. Choyamba, gwirani kuseri kwa shroud mutsimikize kuti kanyumbako kalipo ndi kanjira kake kotulutsira mpweya, chifukwa ena amamanga AD ndi shroud yakale, ena amaika shroud yatsopano ndi fan yopapatiza. Chachiwiri, fan yaikulu imakoka mpweya wambiri ndipo chivindikiro cha injini cha 1968 chilibe mipata. Cha 1972 chili ndi mipata 26 m'magulu anayi ndipo chimakwana pa thupi lanu. Popanda zimenezo injini imabanika mukamathamanga nthawi yaitali.

Dzimbiri_Mdani
Chivindikiro cha 1972 pa galimoto ya 1968. Mawa muika magetsi akumbuyo akuluakulu a 1973, mkuja chiwongolero cha 1303. Pamapeto pake mudzutsa chiyani?

Doghouse
Galimoto yoyenda, achimwene. Chivindikiro chimamangidwa ndi mabauti anayi, choyambirira chija mumasunga.

Torsion150
Amene akufuna mphamvu koma akukakamira maonekedwe a single port, njira ilipo. 1500 ndi 1600 zili ndi crankshaft imodzi ya stroke ya 69 mm. Kusiyana kuli pa mapisitoni, 83 mm ndi 85.5 mm, ndipo masilinda a 85.5 amalowa mu case ndi m'ma head a 1500 osasema kanthu. Kunja imaoneka H yomweyo.

Mphepo009
Bola muikepo distributor ya 009, zina zonsezo n'zongotaya nthawi. Ilibe kachubu ka vacuum, ilibe chovuta.

Doghouse
Pa AD ya kabuleta ya 34 PICT-3? Ayi. Kabuleta imeneyo inapangidwa kuti iziyenda ndi vacuum advance. 009 imadikira kuti injini ikwere kaye isanawonjezere moto, ndiye mukaponda mafuta ponyamuka galimoto imazengereza ngati ikufuna kuzima. Anthu amathamangira kukulitsa ma jet, mafuta n'kumapita ambiri, vuto lili pa distributor.

Mphepo009
Mukaitchera bwino imayenda. Madigiri 30 pa 3000 rpm kupita m'mwamba, basi.

Doghouse
Kutchera kwake n'komweko, pakati pa 28 ndi 32, ndipo musamaitchere pa idle chifukwa ma 009 a masiku ano amasiyana kuchuluka kwa advance. Koma kuyenda ndi kuyenda bwino n'zosiyana.

Sipanala36
Nkhondo ya 009 ili ndi ulusi wakewake, tibwerere kwa mwini funso. A Mlendo118, musanaitanitse kilatchi ina yezani flywheel. Pa AD iyenera kukhala ya 200 mm, mano 130. Za 6V zili ndi mano 109 ndipo pa Beetle kilatchi yake ndi 180 mm, koma ziliponso za 12V za 180 mm pa injini zing'onozing'ono, ndiye musangoona mano okha. Poti injini yatsika kale, gwirani pulley muikankhe ndi kuikoka. End play, kuseweraku kwa crankshaft kutsogolo ndi kumbuyo, yoyenera ndi 0.07 mpaka 0.13 mm, ikadutsa 0.15 mm ndi yotha. Amaitchera ndi ma shim atatu kuseri kwa flywheel, atatu nthawi zonse, mumangosintha makulidwe. Gland nut, yomwe imamanga flywheel pa crankshaft, ndi ya sipanala 36, imamangidwa pa 300 mpaka 350 Nm. Ikachepa, flywheel imagwedera n'kukulitsa mabowo a ma dowel pa crankshaft, ndipo pamenepo mwataya zonse ziwiri.

WaMagetsi6V
Ndiwonjezerepo za mano a flywheel, poti ena akuwerenga ali ndi galimoto zakale. Mukaika injini ya 12V pa giyabokosi ya 6V, flywheel ya mano 130 ndi yokulirapo pang'ono ndipo imakhula m'kati mwa bell housing. Pamafunika kupala malo okhulawo, kenako kutsuka tizidutswa tonse. Sitata iyenera kufanana ndi flywheel, osati ndi batire. Shaft ya sitata ya 12V ndi yowonda kuposa ya 6V, ndiye kabushi komwe kali mu bell housing kasinthidwe ndi kena kokwana shaft yowondayo, apo ayi shaft imavina ndipo sitata imakoka mofooka ngati batire yatha. Njira yachidule ndi sitata ya semi-automatic, yomwe imadzigwira yokha osafuna bushi.

Zina zoti musinthe pochoka pa 6V: mababu onse, koyilo, flasher, choke yamagetsi ndi solenoid ya pa kabuleta, regulator, ndi mota ya ma wiper kapena armature yake. Jenereta ya 6V ndi 90 mm kunenepa kwake, ya 12V ndi 105 mm, choncho mwendo wake ndi lamba womangira zisinthenso. Mawaya akale a 6V ndi onenepa, amanyamula 12V popanda vuto ngati sanaume.

Doghouse
Ndipo woika alternator m'malo mwa jenereta akumbukire pampu ya petulo. Alternator ndi yonenepa, imafuna pampu yopendekeka ndi pushrod ya 100 mm. Pampu yakale yoongoka imayenda ndi ya 108 mm. Pushrod yaitali pa pampu yaifupi imathyola kamkono ka m'kati, yaifupi pa pampu yakale sipopa mafuta okwanira.

Kamwana65
Pepani kulowerera. Yanga ikuyamba ndi 115, manambala 9. Ndapeza beam (axle yakutsogolo) ya 1969 yokhala ndi ma disc. Ingalowe?

Torsion150
Singalowe. 1965 ndi chaka chomaliza cha king pin ndi link pin, ma ball joint anayamba ndi modelo ya 1966. Machubu awiri a beam ya link pin atalikirana 120 mm, a ball joint 150 mm. Mutu wa chasisi womwe beam imamangidwapo unapangidwa motsatira muyeso umenewo. Kuti beam ya 1969 ikhale pa chasisi ya 1965 pafunika kudula mutuwo n'kuwotcherera wina pa jig, ndipo ukapendekeka ndi mamilimita ochepa galimoto imakokera mbali moyo wake wonse. Ngati cholinga ndi ma disc, alipo ma kit opangidwira ma spindle a link pin, ena a mabauti asanu omwewo. Mukatsatira beam ya 1969 mudzakhalanso ndi malimu a mabauti anayi (4x130) kutsogolo ndi a asanu (5x205) kumbuyo, matayala a sipeya awiri.

Kamwana65
Nanga ndikasinthanso kumbuyo kukhala mabauti anayi?

Torsion150
Pamenepo mukumana ndi ma axle. Mpaka 1966 ndi aafupi a spline yaifupi, mu 1967 anatalika koma spline inakhala yomweyo, kuyambira 1968 ndi aatali a spline yaitali. Drum ya mabauti anayi inapangidwira spline yaitali, ndiye pa axle yanu mphuno yake imatsala kunja ndipo nati safika pabowo la split pin. Mphunoyo iyenera kusemedwa pa lathe. Mabauti a malimu nawonso ndi osiyana: M12 pa asanu, omangidwa pa 100 Nm, M14 pa anayi, pa 130 Nm.

MayiWaGaraja
Link pin yosamalidwa bwino ilibe mlandu uliwonse. Ipatseni girizi pafupipafupi galimoto itanyamulidwa kuti matayala alendewere, ma shim muwerenge motsatira tebulo la m'buku mutayeza offset ya mikono, osangobwezera momwe munawapezera. Safunsa anadya phula, mwachita bwino kufunsa musanadule chitsulo.

MphiraNdiGalasi
Palibe watchula magalasi, pomwe ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira. Zenera lakumbuyo logawika pakati linatha mu Malichi 1953, la oval linafika mpaka Julaye 1957. Kuyambira 1958 mpaka 1964 ndi gulu limodzi, galasi lakutsogolo lili lathyathyathya. Mu modelo ya 1965 mazenera onse anakula, lakutsogolo linapindika pang'ono, ndipo kamtanda ka quarter light pa chitseko kanapendekeka. Mu 1972 lakumbuyo linakulanso. 1303 ya 1973 ili ndi lakutsogolo lopindika kwambiri lomwe silikwana pa ina iliyonse, ngakhale pa 1302 yomwe ili ndi ma strut ofanana nayo. A Kamwana65 muchenjere kwambiri: galimoto yomangidwa kumapeto kwa 1964 mapepala amati 1964, koma mphira za 1964 zimakhala zazifupi pa iyo.

Poika galasi, mphira ivekedwe pa galasi kaye, kachitsulo kokongoletsa kalowe mu mphira musanaike pagalimoto, chifukwa pambuyo pake sikalowanso. Chingwe chizungulire mumpata wa m'kati, nsonga zake zikumane pansi pakati. Wina akanikize kunja ndi zikhatho, osamenya, wina azikoka chingwe m'kati pang'onopang'ono. Madzi a sopo, osati oyilo.

Oval_56
Mphira zina zatsopano zimabwera zolimba ngati tayala. Muziviika m'madzi otentha kaye.

Dzimbiri_Mdani
Poti mwandikana pa injini, ndimvereni pa pansi. Ma floor pan amagulitsidwa m'magulu atatu chifukwa cha njanji za mipando: mpaka 1970, kenako 1971 ndi 1972, kenako 1973 kupita kutsogolo pomwe mpando umakhala pa miyendo itatu. Wa 1968 agule gulu loyamba, pokhapokha ngati mipando nayonso inasinthidwa, ndiye yang'anani pansi pa mpando musanalipire. Nenaninso mbali ya chiwongolero, chifukwa pomangira ma pedal pamasiyana. Magalasi a magetsi akutsogolo chimodzimodzi: a galimoto ya chiwongolero chakumanzere amaponya kuwala mbali ina, ndipo pa msewu woyenda kumanzere amathobwa anzanu m'maso. Musanachotse thupi pa chasisi, ngati ma heater channel, zitsulo zamphako za pansi pa zitseko, adyeka, wotchererani zitsulo zopingasa pa makomo. Thupi likapindika zitseko sizidzatsekanso bwino.

Sipanala36
Apa ndiye tagwirizana. Chinanso chothandiza pogula za kale ndi kuwerenga part number yodindidwa pa chitsulo. Ili ndi magulu atatu a manambala atatuatatu. Gulu loyamba, monga 111, 113 kapena 131, likunena galimoto yomwe chinapangidwira poyamba, osati yokhayo yomwe chimakwana. Nambala yoyamba ya gulu lachiwiri ndi dera: 1 injini, 2 mafuta ndi ekizozi, 3 giyabokosi, 4 kutsogolo ndi chiwongolero, 5 kumbuyo, 6 mabuleki ndi malimu, 7 ma pedal ndi zingwe, 8 thupi, 9 magetsi. Pa zinthu za mbali ziwiri, nambala yomaliza ikakhala yosagawika ndi 2 kawirikawiri ndi ya kumanzere. Chilembo cha kumapeto ndi chosonyeza kusinthidwa, ndipo nthawi zina chilembo chimodzi chimenecho ndi chomwe chikulekanitsa chokwana ndi chosakwana.

Torsion150
Zonse tanenazi ndi kalendala ya ku Germany, komwe Wolfsburg inasiya Beetle mu 1974 ndipo Emden inamaliza mu Januwale 1978. Mafakitale ena ankayenda mwawokha. Uitenhage ku South Africa inamanga Beetle kuyambira 1951 mpaka 1979, Puebla ku Mexico mpaka pa 30 Julaye 2003, ndipo za ku Brazil zinasunga mazenera ang'onoang'ono am'mbali zaka zambiri Germany itawasiya. Kambale kaja kuseri kwa tayala la sipeya kamanena dziko. Ngati sikakunena Germany, tebulo la zaka lingokhala poyambira, chilichonse muyeze ndi vernier.

Ngakhale za ku Germany zomwe, 1200 yotchipa ija inatsalira m'mbuyo dala. Inalandira magetsi oima mu 1968 koma inasunga mabampala akale opyapyala ndi 6V kwa zaka zingapo. Wina atha kukhala ndi 118 ya 6V yosasinthidwa kanthu.

Mlendo118
Kambale kakuti Made in Western Germany. Flywheel ndi 200 mm, mano 130, kanyumba ka cooler kalipo. Ndiye ndiitanitsa madigadi ndi ma shoe a 1968, pressure plate ya 200 mm yopanda mphete ndi bering'i ya 1971. Kutsogolo kuli ma drum, kodi zimenezi zikutanthauza kuti inali 1300?

Doghouse
Zikuloza komweko, chifukwa ku Europe 1500 inkabwera ndi ma disc kutsogolo kuyambira 1967, koma za ku America zinali ndi ma drum ngakhale pa 1500. Pa galimoto yomwe injini ndi giyabokosi zinasinthidwa kale, ma spindle nawonso akhoza kukhala obwera.

MayiWaGaraja
Powonjezera pa mndandandawo, ma wheel cylinder akumbuyo mugule a 1968 omwe, a 17 mm. A 1967 ndi 19 mm, ndipo pa ma shoe a 40 mm amapangitsa matayala akumbuyo kugwira msanga kuposa akutsogolo, galimoto n'kutembenuka pa msewu wonyowa. Mukamamasula drum yakutsogolo kumanzere, yambani mwachotsa kakilipi ka chingwe cha speedometer pa kachivindikiro ka girizi, ndipo nati wa spindle mbali imeneyo ndi wa mazinga obwerera, amamasuka mukamazungulira ngati mukumanga. Masulani kabauti ka Allen kom'finya kaye. Pobwezera, mangani uku mukuzunguza drum mpaka bering'i ikhale, kenako bwezani pang'ono kufikira washer wa kuseri kwa nati atayamba kusuntha mukamukankha ndi sikuludiraiva.